Katoni ya makomiki a malume: ndiwatsekere kapena mwana awerenge?

Funso

"Malume anga anagwira ntchito ku Johannesburg zaka zambiri, ndipo atamwalira tinapeza katoni ya makomiki kuchipinda kwawo. Alipo oposa 80, ambiri a Superman, Spider-Man ndi X-Men, a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Ndinamva kuti komiki ina ya Superman inagulidwa pa madola 6 miliyoni, koma nditafufuza ena mwa athuwa pa intaneti mutu wangozungulira: buku limodzimodzi wina akugulitsa madola 3, wina madola 400. Mwana wanga wa zaka 11 akulirira kuti awerenge, ine ndamuletsa. Mitengoyi imasiyana chifukwa chiyani? Ndiwatsekere kapena ndimulole?" Mayi wa ku Zomba

Yankho

Pepani ndi maliro a malume, mayi. Pa za katoniyo mtima ukhale m'malo. Mwachita bwino kumuimitsa kaye mwanayo kufikira mutadziwa zimene zili m'menemo, koma simudzamuletsa mpaka kalekale. Makatoni a zaka mwatchulazi amafanana kwambiri: mwa mabuku 80, pafupifupi onse amagulidwa pakati pa dola imodzi ndi madola 5 lililonse, ndipo oyenera kupatulidwa amakhala awiri, atatu, nthawi zina palibe n'limodzi lomwe. Ntchito yanu ndi kupeza ochepawo, ndipo madzulo awiri akukwanirani.

Ya madola 6 miliyoni ija ndiyo imasokoneza anthu ambiri. Imeneyo ndi Action Comics nambala 1 ya mu 1938, momwe Superman anaonekera koyamba. Inkagulitsidwa masenti 10, ndipo anasindikiza makope pafupifupi 200,000. Lero otsala akuti ndi pafupifupi 100. Kope limene linagulidwa pa mtengo umenewo mu Epulo 2024, ku okushoni ya Heritage Auctions ku America, ndi limodzi mwa ochepa kwambiri amene akadali abwinobwino. Enawo anapita kuti? Masiku amenewo palibe ankaganiza zosunga komiki. Ana ankawerenga, kubwerekana, kuipinda n'kuiponya m'thumba, ikatha n'kutaya. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ana a sukulu ku America ankatolera mapepala akale kuti akapangidwenso zinthu zina, ndipo makomiki ochuluka anathera komweko. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, m'matauni ena makolo ndi masukulu ankawaunjika n'kuwatentha poyera, ati akuwononga ana. Pepala lakenso linali lotchipa lija la nyuzipepala, lokhala ndi asidi amene amalidya pang'onopang'ono mpaka lifiire n'kuyamba kuthetheka.

Ukale pawokha sukweza mtengo. Alipo makomiki a m'ma 1950 a nthano za tinyama kapena za chikondi amene mungagule ndi madola ochepa chabe, chifukwa owafuna ndi ochepa. Mtengo umakwera pamene ofuna buku achuluka, makope otsala achepa, ndipo kope lanulo lasungika bwino kuposa a anzanu. Chimodzi chikasowa pamenepa, mtengo umatsika msanga.

Makomiki a malume anatuluka nthawi imene zinthu zinali zitatembenuka. Anthu atamva kuti makomiki akale akugulidwa ndalama zambiri, anayamba kugula atsopano makope asanu, khumi, n'kuwatsekera m'mapulasitiki osawatsegula n'komwe. Makampani ataona zimenezo anangosindikiza mowirikiza. X-Men nambala 1 ya mu 1991, yojambulidwa ndi Jim Lee, inatuluka makope oposa 8 miliyoni, ndi zikuto 5 zosiyana kuti munthu mmodzi agule kasanu. Kumapeto kwa 1992 kunabwera Superman nambala 75, ya imfa ya Superman, makope ena ali m'thumba lakuda lomata. Anthu anaima pamizere italiitali poganiza kuti akugula chuma cha ana awo, koma chisanathe chaka Superman anali atabwerera m'nkhani. Msika unagwa, masitolo ambiri a makomiki anatseka, ndipo mu Disembala 1996 kampani ya Marvel inapita kukhoti ngongole zitaikulira. Chimene aliyense anasunga sichisowa. Ngati X-Men nambala 1 ndi Superman nambala 75 ali m'katoni mwanu, ndipo sindingadabwe kuwapezamo, mupatseni mwana awerenge lero lomwe.

Ofunika kuwasaka ndi aja amene munthu wotchuka wa m'nkhani anaonekeramo koyamba. Pa zaka za malume, yang'anani Amazing Spider-Man nambala 300 ya mu 1988, momwe Venom anaonekera mokwanira koyamba. New Mutants nambala 98 ya mu 1991, chiyambi cha Deadpool. Uncanny X-Men nambala 266 ya mu 1990, ya Gambit. Amazing Spider-Man nambala 361 ya mu 1992, ya Carnage. Ndi Batman Adventures nambala 12 ya mu 1993, komiki yoyamba kuonetsa Harley Quinn. Spider-Man wovala zakuda wa mu Amazing Spider-Man nambala 252 ya mu 1984 nayenso amafunidwa. Ena mwa amenewa amafika madola mazana angapo akakhala osungika bwino. Nambala yoyandikana nayo, ya mwezi wotsatira, wojambula yemweyo, nkhani yomweyo ikupitirira, ikhoza kukhala ya madola ochepa basi. Ogula sakulipirira kukoma kwa nkhani, akulipirira kuti apa ndi poyambira.

Kufunidwa kumeneku kumasinthasintha. Filimu ikamatuluka, komiki ya munthu wa m'filimuyo imakwera. Fantastic Four nambala 52 ya mu 1966, momwe Black Panther anayambira, inakwera kwambiri filimu yake ya mu 2018 ikubwera. Mu 2020 ndi 2021, anthu ali m'nyumba chifukwa cha mliri wa Covid-19, pafupifupi makomiki onse ofunidwa anakwera modabwitsa, ndipo kuyambira 2022 ambiri anatsikanso. Mukaona mtengo, onaninso chaka chimene unalembedwa.

Tsopano pa madola 3 ndi madola 400 aja. Chifukwa chachikulu ndi giredi. Aliyense amene anaonapo fodya ku okushoni akudziwa kuti mabelo awiri ochokera m'munda umodzi amagulidwa mosiyana kutalitali malinga ndi tsamba lake, ndipo makomiki amayendanso choncho. Kuyambira chaka cha 2000, kampani ya CGC ya ku Sarasota ku Florida imayesa makomiki pa sikelo yoyambira 0.5 mpaka 10, n'kuwatsekera m'kabokosi ka pulasitiki kolimba kosatsegulika, giredi italembedwa pamwamba. Amazing Fantasy nambala 15 ya mu 1962, chiyambi cha Spider-Man, kope la giredi 9.6 linagulidwa madola 3.6 miliyoni mu Seputembala 2021. Kope lothaitha la nambala yomweyo silifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a mtengo umenewo. Kwa makomiki a m'ma 1990 nkhani imakula kwambiri, chifukwa makope abwino ndi ambirimbiri. Ogula amathamangira 9.8, ndipo 9.0, imene kwa inu ndi ine imaoneka yatsopano, ikhoza kugulidwa theka la mtengo kapena kucheperapo.

Zimene amayang'ana mukhoza kuziona nokha. Tengani buku limodzi pafupi ndi zenera masana, mulipendeketse kuti kuwala kudutse pa chikuto. Pamsana, pomwe buku limapindikira, mudzaona timizere toyera topingasa pomwe inki inathyoka. Tiwiri kapena titatu totere tikwanira kulichotsa pa 9.8. Onani makona ngati ali akuthwa kapena anabunthuka, ndi masitepulo awiri a pamsana ngati achita dzimbiri, poti dzimbiri limalowerera m'pepala n'kusiya kabwalo kofiira kosachoka. Tsegulani pakati penipeni muone ngati masamba akadali ogwira pa masitepulo onse. Onani mtundu wa pepala: loyera ndi labwino, lachikasu likadali bwino, lofiira m'mbali lomwe likuthetheka mukalikhudza ndiye latha. Nunkhizani. Fungo la chuku likutanthauza kuti chinyontho chinalowa. Kenako werengani masamba onse, chifukwa makomiki ambiri anali ndi timakuponi tomwe ana ankadula. Incredible Hulk nambala 181 ya mu 1974, yotchuka chifukwa cha Wolverine, inali ndi sitampa mkati imene ana ambiri anaidula ndi sizasi, ndipo kope lopanda sitampayo limatsika mtengo kwambiri ngakhale chikuto chikhale chowala bwanji. Poti a malume anagulira ku South Africa, yembekezani kupeza timapepala ta mtengo tomatidwa pa chikuto kapena chidindo cha sitolo. Zimenezo zimatsitsa giredi pang'ono, koma kuzikanganula kumawononga koposa. Zisiyeni.

Chifukwa china ndi kusindikiza. Komiki ikagulidwa kwambiri amaisindikizanso kachiwiri, kachitatu, ndipo patapita zaka amatulutsa makope ofanana ndendende ndi oyamba aja. Osonkhanitsa amafuna oyambirira. Kuti mudziwe, tsegulani tsamba loyamba kapena mkati mwa chikuto, pansi pali timalemba ting'onoting'ono. Pamenepo pamalembedwa dzina lenileni la komiki, nambala, mwezi, chaka, kampani ndi dziko lomwe inasindikizidwa, ndiponso ngati ndi kusindikiza kwachiwiri. Khulupirirani timalembato, osati chikuto. Izi n'zofunika kwa inu chifukwa ku South Africa ndi ku Britain kunkatulukanso makope akeake a nkhani za makampani a Marvel ndi DC, amene chikuto chake chimafanana ndi cha ku America koma mtengo wake ndi wina. Anthu ambiri anyengedwanso ndi Action Comics nambala 1 imene DC inasindikizanso mu 1974. Inali ndi chikuto china chakunja chonena kuti ndi yobwereza, koma chikutocho chikachotsedwa imaoneka ngati ya mu 1938. Imadziwika ndi kukula kwake, ndi yaitali ndi yotambalala kuposa yeniyeniyo.

Nthawi zina kusiyana kumakhala pa kakona kamodzi. Star Wars nambala 1 ya mu 1977 inkagulitsidwa masenti 30, koma Marvel poyesa msika inatulutsa makope ochepa olembedwa masenti 35 m'mizinda ingapo. Nkhani ndi zithunzi n'zimodzimodzi, koma la masenti 35 limagulidwa kuwirikiza kambirimbiri. Pa makomiki a m'ma 1990, onaninso kabokosi ka pansi kumanzere kwa chikuto. Makope opita m'masitolo wamba ndi opita m'masitolo a makomiki okhaokha ankasiyana pamenepo, ndipo pa nambala zina za zaka zimenezo a m'masitolo wamba osungika bwino ndi osowa, motero amakwererako.

Chachitatu n'chosavuta koma n'chimene chimapusitsa ambiri: mtengo wotchula si mtengo wogulira. Aliyense akhoza kulemba madola 400 pa buku lake n'kukhala nalo zaka zisanu osagulidwa. Pa eBay, msika wa pa intaneti, lembani dzina la komiki, nambala ndi chaka, kenako musankhe pamene palembedwa Sold items kuti muone okhawo amene anagulidwadi. Onani malonda asanu kapena khumi aposachedwa, a makope ofanana ndi lanu, osatsekeredwa m'kabokosi ka CGC ngati lanunso ndi losatsekera. Buku la mitengo la Overstreet, limene limatuluka kuyambira 1970, limathandiza kudziwa nambala zofunika, koma mitengo yake imatsalira m'mbuyo msika ukamathamanga.

Madzulo oyamba, sambani m'manja muume bwino, yalani nsalu yoyera patebulo, mutulutse mabuku limodzilimodzi. Lembani m'kope dzina, nambala ndi chaka kuchokera pa timalemba tija, ndi zilema zimene mwaona. Mwanayo akuthandizeni kulemba, aphunzira kagwiridwe kake pomwepo. Madzulo achiwiri fufuzani mitengo. Lililonse limene likugulidwa kupitirira madola 30 kapena 40 liikeni pambali. Otsalawo ndi owerenga.

Opatulidwawo amafuna thumba la pulasitiki loyera la komiki ndi kakatoni kopanda asidi kolimbitsa kumbuyo. Komiki ya zaka zimenezo ndi pafupifupi masentimita 17 m'lifupi ndi 26 m'litali. Ngati matumba enieniwo simuwapeza, mapulasitiki oikamo mapepala a mufayilo agwira ntchito kwa kanthawi, bola asakhale aja ofewa onunkha kwambiri, amene amamata inki. Aimikeni chilili, osathithikana, m'bokosi la pulasitiki lokhala ndi chivundikiro, muponyemo timapaketi ta silika topezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Bokosilo likhale pashelefu, osati pasimenti, osati kutsamira khoma lakunja, ndiponso osati kudenga pansi pa malata, komwe kutentha kwa Okutobala kumaphika pepala. Ku Zomba mdani wamkulu ndi chinyontho cha nthawi ya dzinja, ndiye tsegulani bokosilo kamodzi pamwezi mvula ikamagwa, muone ngati mwalowa chuku, chiswe kapena mphemvu. Makomiki ena osungika bwino kwambiri padziko lonse ndi a Edgar Church, amene anapezeka ku Denver ku America mu 1977 ali ngati atsopano patapita zaka makumi angapo. Chinawasunga ndi malo ouma, ozizira ndi amdima, osati mankhwala ayi.

Pali zinthu zimene anthu amachita ndi mtima wabwino koma zimapha mtengo. Musawalaminete. Kwathu kuno tinazolowera kulamineta masatifiketi, koma komiki yolaminetedwa yatha ntchito kwa wogula aliyense, ndipo sizibwezeka. Musamate selotepi pong'ambika, chifukwa guluu wake amalowa m'pepala n'kusiya banga lofiira. Musasite ndi simbi, musadule m'mbali kuti muwongole, musadetse timizere toyera tija ndi cholembera chakuda. Oyesa amaziona zimenezi mosavuta, ndipo CGC imaika chizindikiro cha mtundu wa pepo pa buku lokonzedwa m'malo mwa cha buluu. Chizindikiro cha pepo chimagwetsa mtengo kwambiri kuposa chilema chimene munkabisacho. Dzina la malume likakhala lolembedwa pa chikuto, lisiyeni momwemo.

Mwafunsa ngati muwatsekere, ndipo apa ndikuuzani maganizo anga mosabisa. Kusonkhanitsa ndi kuwerenga ndi zokonda ziwiri zosiyana, zonse zabwino. Wosonkhanitsa amasangalala ndi chinthucho, pepala lake, mbiri yake, kusowa kwake, ndipo buku likalowa m'kabokosi ka CGC siliwerengedwanso pokhapokha ataswa kabokosiko n'kutaya giredi. Zimenezo n'zomveka pa buku la madola 2,000. Pa buku la madola 3 n'kutaya kawiri: ndalama simupeza, ndipo mwana sawerenga. Komiki ya madola 3 ikawerengedwa kakhumi n'kutsika kufika pa dola imodzi, mwataya madola 2. Mwana wa zaka 11 amene akulirira buku la Chingerezi mwa kufuna kwake, osakakamizidwa ndi aphunzitsi, akupeza zoposa pamenepo. Zithunzi zimamuthandiza kumva mawu amene sakuwadziwa popanda kuima kuti afunse, ndipo ana ambiri amene amavutika ndi mabuku a malemba okhaokha amayambira pomwepa. Sindikulangiza aliyense kugula makomiki ngati njira yosungira ndalama. Amene anachita zimenezo mu 1992 ambiri akadali ndi makatoni awo.

Muyambe mwawaona nokha musanamupatse, chifukwa makomiki ena a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990 ali ndi nkhanza ndi zithunzi zolembera akuluakulu. Mumuphunzitse kuwerengera patebulo buku litagona, osapindira chikuto kumbuyo, osanyowetsa chala ndi malovu potembenuza tsamba, osadya akuwerenga. Ngati thumba lili ndi selotepi, aichotseretu asanatulutse buku, poti selotepi ikagwira chikuto imasupula inki. Nkhani za m'mabuku opatulidwa aja sadzazisowa, chifukwa pafupifupi zonse zotchuka zinasindikizidwanso m'mabuku akuluakulu ophatikiza nambala zingapo, ndipo zambiri za Marvel zimapezeka pa intaneti pa Marvel Unlimited polipira pamwezi.

Thandizo la katswiri mulifune mukapeza buku la chaka cha 1975 kapena m'mbuyo mwake lokhala ndi munthu wotchuka, kapena lililonse limene malonda enieni akuonetsa madola 300 kupita m'tsogolo pa giredi yofanana ndi yanu. Kutsika pamenepo, kutumiza ku CGC sikupindula. Kuyesa kokha ndi madola makumi angapo pa buku, kuwonjezapo kutumiza ndi kubweza pa kampani yonyamula katundu, inshuwalansi, ndi miyezi yodikira. Mukapeza lotere, lijambuleni bwino kutsogolo, kumbuyo, pamsana, pakati ndi pa timalemba tija, mutumize zithunzizo kwa ogulitsa awiri kapena atatu odziwika. Nyumba za okushoni monga Heritage Auctions ya ku Dallas ndi ComicConnect ya ku New York zimayang'ana zithunzi n'kukuuzani ngati bukulo n'loyenera msika wawo. Ngati muli ndi wachibale ku Johannesburg, Cape Town kapena London, sitolo ya makomiki ya kumeneko ikhoza kuliona ndi maso. Dziwani kuti wamalonda amagula kuti akagulitsenso, kawirikawiri amapereka theka la mtengo wa pamsika kapena kucheperapo, ndipo okushoni nayo imadula gawo lake.

Chenjerani ndi wogula wa pa Facebook kapena WhatsApp amene akufulumira kutenga katoni yonse pa mtengo umodzi musanamalize kulemba mndandanda wanu, komanso amene akuti mutumize kaye buku kapena mulipire kaye ndalama ina kuti malipiro anu atuluke. Musanagwirizane ndi wogula wakunja, funsani ku banki kwanu njira imene ndalamazo zingafikire kuno ndi zimene adzadule. Ndipo poti katoniyi ndi ya chuma cha masiye, mukapezamo buku la ndalama zambiri kambiranani kaye ndi ana a malume ndi akubanja musanaligulitse, muwaonetse mndandanda ndi mitengo imene mwapeza.